Buti ya CV joint yang'ambikanso: zoyenera kuona musanagule shafti ina ya pikapu yakale

Pikapu ya 4x4 ikakalamba, kaya ndi Hilux ya LN167 kapena KZN165, Vigo, Isuzu KB kapena Nissan Hardbody, imafika poti buti yakutsogolo (chivundikiro cha labala chosunga girizi mu CV joint, jointi ya shafti yozunguza tayala) yomwe mwasintha mvula itangosiya imakhala itang'ambika dzinja lisanabwere. Girizi wakuda amwazikira mkati mwa rimu, fumbi lalowa, ndipo pakapita masabata angapo jointi yayamba kulira pokhota. Mwini galimoto akatopa amagula shafti yathunthu yotchipa poganiza kuti wathana nazo, koma nayonso sichedwa. Jointi ya fakitale kawirikawiri siifa ndi ukalamba. Imafa buti ikaboka, ndipo buti imaboka pa zifukwa zomwe shafti yatsopano siingachotse.

Tikunena za magalimoto omwe tayala lililonse lakutsogolo limadumpha palokha ndipo lili ndi shafti yake yochokera ku difu (bokosi la magiya logawira matayala awiri mphamvu ya injini). Hilux ya LN106 ndi Land Cruiser 79 zili ndi ekiselo yolimba kutsogolo, jointi yake imakhala mkati mwa chitsulo ndipo ilibe buti ya labala, choncho nkhani yake ndi ina.

Chikulira n'chiyani kwenikweni

Shafti iliyonse ili ndi majointi awiri. Yakunja, ya kutayala, ili ndi timipira tachitsulo 6 toyenda m'mizere mkati mwa khola lake, ndipo ndiyo imapinda kwambiri mukakhotetsa. Yamkati, ya kudifu, ntchito yake ndi kulowa ndi kutuluka galimoto ikamadumpha. Pa Toyota zambiri imakhala ya miyendo itatu yokhala ndi marola, ija amakaniko amati tripod, pomwe pa magalimoto ena imakhalanso ya timipira.

Jointi yakunja ikatha imalira kha-kha-kha pokhota, makamaka mukuponda mafuta. Kuti muiyese bwino pezani bwalo la dothi, lokani mahabu (zotembenuza za pakati pa matayala akutsogolo, zolumikiza tayala ndi shafti) ngati ndi olokera pamanja, ikani H4 (giya yoyendetsa matayala onse anayi), khotetsani chiwongolero mpaka pothera ndi kuzungulira pang'onopang'ono, kutsogolo kenako cham'mbuyo. Musayesere pa tala, chifukwa 4x4 ya magalimoto amenewa imamangika pamsewu wouma wolimba ndipo mudzamva phokoso lomwe silikuchokera ku jointi. Mahabu akakhala pa FREE, ndiko kuti osalokedwa, shafti siizungulira n'komwe, ndiye jointi yakufa imatha kukhala chete chaka chonse n'kudzakuonetsani zakuda tsiku lomwe mwatitimira m'matope.

Yamkati siilira choncho. Imanjenjemeretsa galimoto mukamakoka pachitunda, kunjenjemera kumene kumatha mukangosiya mafuta, ndipo nthawi zina imagunda kamodzi posintha giya. Kulira kwa vuuu kokula ndi liwiro, kosinthasintha mukapendeketsa galimoto uku ndi uku, ndi bering'i ya tayala. Kugogoda pa mabampu ndi ball joint kapena mabushi. Pa Hilux zakale za torsion bar (ndodo yachitsulo yopotoka yogwira ntchito ya sipuling'i) palinso kabushi kapena kabering'i mkati mwa sipindulo (chitsulo chomwe tayala limazungulirapo) momwe shafti imadutsa. Kakauma kamakwecha, makamaka m'mawa kukuzizira, ndipo mashafti ambiri abwinobwino anatayidwa chifukwa cha kameneka, pomwe chimafunika ndi girizi basi.

Shafti yomwe inabwera ndi galimoto musafulumire kuitaya

Ngati buti yang'ambika posachedwa ndipo jointi sinayambe kulira, mwayi ndi waukulu kuti ikadali yamoyo. Chitsulo cha shafti ya fakitale chinaumitsidwa bwino ndipo jointi yake imapinda komanso kutuluka mtunda wonse womwe galimotoyo imafuna. Mashafti ambiri otchipa amalephera pa ziwiri zomwezi. Shafti yeniyeni ya zaka 20 yokhala ndi mabuti abwino atsopano imaposa shafti yonyezimira yopanda dzina, ndipo ndalama zake n'zochepa.

Koma muyenera kuitsegula ndi kuiona ndi maso. Dulani makilampu ndi buti yakale, tapani girizi pang'ono n'kumutikita pakati pa zala ziwiri. Akamveka mchenga, kapena akaoneka ngati phala lotuwa losakanikirana ndi madzi, ndiye kuti jointi yakhala ikudzipera. Tsukani ndi palafini mpaka chitsulo chiwale, muumitse bwinobwino, kenako pendeketsani jointi kuti muone mzere uliwonse. Kuwala kosalala pomwe timipira timayenda si vuto. Vuto ndi kadzenje komwe chikhadabo chimakodwa, timabowo ngati chitsulo chadyedwa ndi chiswe, mtundu wa buluu wosonyeza kuti chinapsa, kapena mng'alu pa khola la timipira. Chimodzi mwa izi chikapezeka, buti yatsopano ingokhala kutaya ndalama. Ku jointi yamkati onani ngati marola atatu akuzungulira mosakwecha, ndipo pisani chala m'mizere ya chikho (chitsulo chomwe tripod imalowamo) kuti mumve ngati mwakumbika sitepe pomwe marola amakhalitsa.

Musanachotse tripod lembani chizindikiro ndi penti pa chikho, pa tripod ndi pa shafti kuti zibwerere momwe zinalili. Osakhoma ndi panchi. Pogogoda kuti ichoke menyani pa thupi lake ndi chitsulo chofewa, osati pa marola. Pa mashafti ambiri a Toyota jointi yakunja siichotsedwa, mabuti onse awiri amalowera mbali ya kudifu tripod itachoka. N'chifukwa chake kusintha buti imodzi n'kusiya inzake ya msinkhu womwewo kulibe nzeru: ntchito yofikira yakunja imadutsa pa yamkati.

Buti yabwino imadziwika bwanji

Mabuti ali m'mitundu itatu. Ya labala yakuda yofewa, ya neoprene, ndiyo yofala. Imagwira bwino ndi kilampu wamba koma imachita ming'alu ikakalamba, ndipo mapindi ake akamakhudzana amadyana. Ya pulasitiki yolimbirapo, ya thermoplastic, imamveka gwa m'manja ndipo ndiyo mafakitale ambiri amaika ku jointi yakunja ya magalimoto a zaka zaposachedwa, chifukwa imapirira miyala, ziputu ndi kukhuzana. Yachitatu ndi ya silicone, yomwe imapirira kutentha koma ikangokandidwa ndi mtengo imang'ambika mosavuta. Kwa galimoto yoyenda m'minda ndi m'misewu ya fumbi imeneyi si yoyamba kuganizira.

Njira yosavuta ndi kugula kiti ya mabuti ya kampani yomwe inapanga galimotoyo, pogwiritsa ntchito nambala ya chassis. Kiti imeneyi imabwera ndi makilampu oyenera, sekilipu (kamphete kachitsulo kotsekera) yatsopano ndi girizi woyezedwa kale. Ikasowa kapena ikadula kwambiri, mayina monga GKN, NTN ndi Maruichi ndi odziwika pa mabuti ndi majointi. Koma dzina la pa bokosi limasindikizidwa ndi aliyense, ndiye buti yeniyeniyo muigwire. Ipindeni mwamphamvu pakati pa mapindi n'kuyang'ana pa kuwala. Ikaonetsa timing'alu kapena kuyera popindikapo, ndiye kuti yagonera pa shelefu kapena labala yake ndi yosakaniza. Ipanikizeni ndi zala kuzungulira konse kuti mumve ngati makulidwe ake ndi ofanana, chifukwa buti yopyapyala mbali imodzi imaphulikira pomwepo. Ikani pambali pa yakale: kutalika, kuchuluka kwa mapindi ndi kukula kwa milomo yonse iwiri zifanane. Chikho cha tripod cha magalimoto ena si chozungulira bwino, chili ndi mapewa atatu, ndipo buti yake iyenera kukhala ndi mlomo wa maonekedwe omwewo. Yozungulira ikakakamizidwa pamenepo imatayitsa girizi tsiku lomwelo.

Buti yodulidwa pakati yomata ndi guluu ndi yongokufikitsani kunyumba. Ija yokwana galimoto iliyonse, yokoka ndi chitsulo chonga fanulo, imathandiza pa magalimoto ang'onoang'ono a m'tauni, koma labala yake anaifewetsa dala kuti itamuke, ndipo pa pikapu yonyamula matumba m'misewu ya kumudzi siikhalitsa.

Ikang'ambika kachiwiri, yang'anani pomwe yang'ambikira

Apa ndi pomwe ambiri amadumpha. Buti yakufa imanena chomwe yafera, bola muione isanatayidwe.

Ikadyeka m'kati mwa mapindi, mozungulira, mooneka mosalala ngati yakhulidwa ndi sandipepa, vuto ndi kupendekeka kwa shafti. Pa magalimoto a torsion bar anthu amakonda kumanga mabawuti ake kuti kutsogolo kukwere, mwina pofuna matayala aakulu, mwina pobisa kutopa kwa sipuling'i kapena kulemera kwa bull bar. Walira mvula walira matope: galimoto ikakwera, shafti imatsika motsetsereka kuchoka ku difu kupita ku tayala, mapindi a pansi a buti yamkati amakumana n'kumakhuzana pa kuzungulira kulikonse, ndipo fumbi likalowa pakati pawo limamaliza ntchito. Imikani galimoto pamalo osalala, gonani pansi ndi tochi. Shafti iyenera kuoneka pafupifupi yogona, ndipo mapindi asamakhudzane galimoto itangoima. Akamakhudzana, bwezerani msinkhu wa galimoto momwe buku lake likunenera. Amene akufunabe galimoto yokwera amatsitsa difu ndi masipesa a mamilimita pafupifupi 25, zomwe zimachepetsako kupendekeka. Ena amasunthira mlomo waung'ono wa buti kunja pang'ono pa shafti kuti mapindi atalikirane. Zimathandiza, koma ukapyola muyeso buti imakokeka tayala likalendewera n'kuvuka.

Mashoko aatali kuposa oyenera, ndi timalabala toletsa mkono wa pamwamba kutsika kwambiri tikatha kapena kuchotsedwa, zimabweretsa vuto lomwelo. Tayala limalendewera kupyola pomwe jointi inapangidwira.

Buti ikakhala yonse yabwino koma girizi akutulukira pa mlomo, ndi kilampu. Buti ya pulasitiki yolimba imafuna kilampu ya khutu yofinyidwa ndi pulayala yake yeniyeni mwamphamvu ndithu. Kilampu yokoka ndi kupinda siingaifinye mokwana. Waya amadula labala, cable tie amamasuka akatenthedwa, ndipo kilampu ya paipi ya madzi ili ndi mutu waukulu womwe umagunda zitsulo zoyandikana shafti ikamazungulira. Onaninso ngati mlomo wa buti wakhala mu kamzere kake pa shafti ndi pa chikho, ndipo pamalo pamenepo pakhale pouma, popanda girizi, musanamange. Ngati kilampu ndi yopinda, mchira wake uloze kumbuyo kwa komwe shafti imazungulira galimoto ikamapita kutsogolo, kuti udzu usamaukoke.

Ikaphwafuka mbali imodzi ngati yayamwidwa, kapena ikatupa ngati chibaluni, ndi mpweya. Buti yamkati ikamangidwa jointi italowa mpaka mkati kapena itatuluka mpaka kumapeto, mpweya wotsekeredwamo umakhala wosayenera galimoto ikaima pa matayala. Ikani jointi pakati pa ulendo wake, lowetsani sikuludiraiva yobuntha pansi pa mlomo waukulu kuti mpweya ulowe kapena utuluke, buti ibwerere m'maonekedwe ake, kenako mangani. Ndi ntchito ya mphindi imodzi, ndipo ndiyo imaiwalika kawirikawiri.

Ikafewa n'kumamata m'manja, yanyowa ndi oyilo. Fufuzani silu (mphete ya labala yotsekera oyilo) ya difu, ya injini kapena paipi ya power steering yomwe ikudonthera pamwamba pake. Buti yotsukidwa ndi petulo imachitanso chimodzimodzi. Ikabooka malo amodzi kapena kudulidwa ngati ndi mpeni, ndi za panjira: mapesi a chimanga, ziputu, waya wa mpanda, ulusi wa matumba ndi majumbo zomwe zimakulungika pa shafti. Galimoto yolowa m'munda nthawi yokolola iyenera kuyang'anidwa pansi madzulo aliwonse, ndipo chitsulo chotchinga pansi pa injini ngati chinachotsedwa chibwezeredwe.

Pali kusiyana kwina koyenera kukudziwa. Galimoto ya mahabu olokera pamanja imapumitsa mashafti ake nthawi yonse yomwe ali pa FREE. Vigo zambiri ndi magalimoto ena a ADD (omwe difu yakutsogolo imadzilumikiza ndi kudzimasula yokha) alibe mahabu otere, mashafti amazungulira ndi matayala ngakhale muli mu H2 (giya yoyendetsa matayala akumbuyo okha), ndiye mabuti ake amagwira ntchito kilomita iliyonse. Pa galimoto yotereyi buti yotchipa imaonekera msanga. Kwa a mahabu apamanja, kuwaloka kwa makilomita ochepa mwezi uliwonse kumathandiza girizi kuyendayenda m'majointi.

Za girizi

Jointi yakunja imafuna girizi wakuda wokhala ndi molybdenum, uja amangoti moly. Girizi wa bering'i kapena wopopera m'manipo sangapirire momwe timipira timapanikizira mizere. Tripod imafuna wofewerapo, kawirikawiri wachikasu kapena wofiirira, woti alowe mu tisingano ta m'marola. Kiti ikabwera ndi mapaketi awiri musawasinthanitse. Muyeso wake ndi paketi yonseyo, osachepetsa, osaonjezera. Pa mapikapu amenewa jointi imodzi imadya magalamu oposa 100, ndipo zazikulu zimafika cha m'ma 200. Wambiri mukanikizireni mkati mwa jointi mpaka atulukire mbali ina, wotsala alowe mu buti. Kudzaza buti mpaka pakamwa kumaitupitsa ikatentha. Ndipo palafini wotsukira akatsalira mkati amasungunula girizi watsopanoyo, choncho kuumitsa si kongodutsapo.

Jointi ikafadi

Zosankha zilipo zitatu, ndipo tingaziike motere. Yoyamba ndi shafti yatsopano ya kampani ya galimotoyo, kapena ya opanga majointi odziwika monga GKN, NTN ndi HDK, kwa amene thumba likulola. Yachiwiri, yomwe nthawi zambiri ndiyo yanzeru, ndi shafti yeniyeni yochotsedwa pa galimoto ina, monga zimapezeka kwa ogulitsa masipeya akale ku Ndirande kapena ku Biwi. Igwireni mbali zonse n'kuipotokola uku ndi uku: isamasewere. Pindani jointi yakunja mozungulira, iyende molimba koma mosakodwa. Mabuti ake ngakhale akuoneka abwino ndi okalamba ngati anu aja, ndiye asintheni shafti isanakwere pa galimoto, ndipo potero mudzaona ndi mkati momwe. Yachitatu ndi shafti yatsopano yopanda dzina. Imeneyi ndi yogula galimoto ikafunika mawa m'mawa, ndipo yakale ija muisunge kuti muikonze mwakachetechete. Samalaninso ndi mashafti okonzedwanso omwe mizere yake inapalidwa n'kuikamo timipira tokulirapo, chifukwa kupalako kukapyola khungu louma la chitsulo, chotsala pansi pake n'chofewa.

Dzina la galimoto ndi chaka sizikwanira pogula. Hilux yosonkhanitsidwa ku South Africa, ya ku Thailand ndi yochokera ku Japan zimatha kusiyana masipeya ngakhale zikuoneka zofanana. Tengani nambala ya chassis ndi kodi ya mtundu, monga LN167 kapena KUN26, ndipo koposa zonse nyamulani shafti yakaleyo. Werengani mano a mbali zonse ziwiri, mwachitsanzo Hilux zakale za torsion bar zimakhala ndi 26 ku habu. Kanikizani majointi amkati a mashafti onse awiri mpaka pothera n'kuyerekeza kutalika, kenako akokeni mpaka kumapeto n'kuyerekezanso. Shafti yosatuluka mokwana imazuka ku difu tayala likalendewera, ndipo yotalika imagunda mkati n'kuswa chikho kapena bering'i ya difu. Yezani kunenepa kwa pomwe silu imagwira. Ngati mphete ya mano ya ABS (makina oletsa matayala kumangika pogwira mabuleki) ili pa jointi, werengani mano akenso, chifukwa akasiyana nyali ya ABS siizima. Onani ngati kumapeto kuli mazinga a nati kapena kamzere ka sekilipu, ndi ngati mbali ya kudifu ndi yomanga ndi manati pa fulanji, ngati Hilux zakale, kapena yongolowetsa, ngati Vigo.

Pomanga

Shafti isalendewere pa jointi yamkati, ndipo musaikoke pa ndodo yake pofuna kuizula ku difu, chifukwa tripod imatuluka m'chikho n'kumwaza tisingano mkati mwa buti. Tsegulirani pa chikho penipeni. Kwa yongolowetsa, ikani sekilipu yatsopano, kukamwa kwake kuloze pansi, pakani oyilo wa giya pa mano ndi pa silu, n'kuikankha molunjika mpaka imveke kuti yakhala. Yesani kukoka chikho ndi manja, chisatuluke. Silu ya difu ndi yotchipa poyerekeza ndi ntchito yobwereza, isintheni nthawi yomweyo, ndipo onjezerani oyilo wa giya wa mtundu wa GL-5 yemwe watayika mpaka afike pa bowo lothirira.

Pa Vigo nati yaikulu ya kumapeto ndiyo imagwira bering'i ya tayala, ndipo imafuna 235 Nm pa torque wrench (sipanala yoyeza kulimba kwa nati), ndi kotapini watsopano. Kumanga mongoyerekeza ndi paipi yaitali kumapha bering'i, kaya yalimba kwambiri kaya yachepa. Musaimikenso galimoto yotereyi pa matayala kapena kuikankha nati imeneyi isanamangidwe. Pa zakale za mahabu apamanja kumapeto kumakhala wochala ndi sekilipu. Kokerani shafti kunja kuti sekilipu ilowe mu kamzere kake, ndipo musanalowetse shafti pakani girizi kabushi ka mu sipindulo kaja.

Galimoto ikadali pa masitandi, matayala akulendewera, khotetsani chiwongolero mpaka pothera n'kuzunguza tayala ndi manja, mahabu atalokedwa, kumanja kenako kumanzere. Lizungulire mofanana. Likamalimba n'kumasuka, kulimba n'kumasuka, jointi ikumangika: shaftiyo siyopinda mokwana kapena tayala likutsika mopyola, ndipo ikapita kumsewu choncho idzathyoka pa dzenje loyamba lomwe mudzalowe mukukhota. Yang'ananinso kuti buti isakhudze shoko, paipi ya mabuleki kapena waya wa ABS. Mukayenda makilomita 50 oyamba gwadani muone milomo inayi ya mbali iliyonse, ndipo mukawoloka mtsinje wofika m'mahabu finyani buti ndi dzanja mumve ngati mwalowa madzi.